Mbiri ya Kafukufuku wa pa Nyama Wofuna Kubwezeretsa Kupuma kwa Ovulala Khosi

Munthu akavulala khosi mpaka mtsempha waukulu wa mumsana kuwonongeka, chimene chimaika moyo wake pachiswe msanga si kufa kwa mikono ndi miyendo, koma kulephera kupuma. Mtsempha umenewu, umene umayendetsa mauthenga a ubongo osati magazi, ndiwo umatenga lamulo la kupuma kuchokera m'tsinde la ubongo n'kulitsitsira m'khosi, ndipo pa mfundo yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya khosi lamulolo limapatukira m'mitsempha iwiri yotchedwa phrenic, wina kumanja wina kumanzere. Mitsempha iwiriyi imakathera mu diaphragm, mnofu wotambalala wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene ukatsikira pansi mpweya umalowa m'mapapo. Njirayi ikaduka pamwamba pa mfundo zimenezo, ubongo umalamulabe ndipo mnofuwo umakhalabe wamoyo, koma ziwirizi sizimvananso. Zambiri zimene madokotala akudziwa za njira imeneyi anaziphunzira pa nyama, ndipo mbiri yake ikuonetsa momwe akatswiri anasiyira pang'onopang'ono kuona chilondachi ngati mapeto, atazindikira kuti thupi limasunga njira zina zimene zikhoza kudzutsidwa.

Asing'anga a ku Iguputo wakale, m'zolemba zimene masiku ano zimadziwika ndi dzina la Edwin Smith, anafotokoza za munthu woguluka fupa la khosi amene ziwalo zake zafa, ndipo anaweruza kuti vuto lotero lilibe chithandizo. Amene anayamba kufufuza chifukwa chake ndi Galen, dokotala wa ku Pergamon amene anagwira ntchito ku Roma m'zaka za m'ma 100, yemwe ankadula mtsempha wa mumsana wa nyama zamoyo pa malo osiyanasiyana. Iye anaona kuti akadula kumtunda kwa khosi kupuma kumaleka, koma akadula kumunsi minofu ya m'nthiti imafa pamene diaphragm imagwirabe ntchito. Mu 1812 Julien Legallois wa ku France, pogwiritsa ntchito akalulu, anasonyeza kuti gwero la kupuma lili pa kachigawo kochepa ka tsinde la ubongo, motero chiyambi ndi mathero a njirayo zinadziwika.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 1895, pamene William Townsend Porter wa ku Harvard anafalitsa zimene anapeza pa agalu ndi akalulu. Porter ankadula theka limodzi lokha la mtsempha wa mumsana kumtunda kwa khosi, ndipo theka la diaphragm la mbali yomweyo linkaleka kugwira ntchito monga momwe aliyense akanayembekezera. Kenaka ankadula mtsempha wa phrenic wa mbali inayo, imene inali ikupumabe, ndipo m'malo moti nyamayo ife chifukwa chobanika, theka limene linafa lija linkayambanso kugwira ntchito. Tanthauzo lake linali lakuti pali mitsempha ina imene imatsika kudzera mbali yosavulala n'kuwolokera mbali yovulala kumunsi kwa chilonda, imene nthawi zambiri imakhala duu osagwira ntchito. Mu 1936 Arturo Rosenblueth ndi mnzake Ortiz anapitiriza kufufuza chodabwitsachi pa nyama zamitundumitundu, ndipo mu 1951 Lewis ndi Brookhart anafotokoza kuti chimene chimadzutsa njira yowolokayo ndi kukula kwa lamulo lochokera ku ubongo pamene nyama ikusowa mpweya.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri zimene Porter anapeza sizinathandize wodwala aliyense, makamaka chifukwa akatswiri ambiri, potsatira zimene Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anaona, ankakhulupirira kuti mitsempha ya muubongo ndi mumsana ikaduka siphukanso mokwanira. Nzeru zinapita ku makina: mu 1928 Philip Drinker ndi Louis Shaw anapanga chimphika chachitsulo chopumitsa odwala, chimene anayamba achiyesa pa amphaka, ndipo mliri wa poliyo wa ku Copenhagen mu 1952 unafalitsa njira yopopera mpweya kudzera pa chibowo cha pakhosi. William Glenn wa ku Yale, atayesa pa agalu, anayamba kugwiritsa ntchito magetsi ochepa potakasa mtsempha wa phrenic, ndipo njira ina yofanana nayo, yoika mawaya mu diaphragm momwemo, ndiyo inathandiza katswiri wa mafilimu Christopher Reeve ku Cleveland mu 2003, patapita zaka pafupifupi 8 chigwereni pa hatchi n'kuvulala khosi. Njira zonsezi zimapumitsa munthu, koma sizilumikizanso ubongo ndi mnofu, ndipo wodalira makina amakhala pangozi ya chibayo ndi matenda ena a m'mapapo.

Amene anaukitsa funso la Porter ndi Harry Goshgarian wa ku Wayne State University ku Detroit, yemwe kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anasandutsa khoswe wodulidwa theka la mtsempha pa mfundo yachiwiri ya khosi kukhala nyama yodalirika pa kafukufukuyu. Iye anasonyeza kuti pakangopita maola ochepa chivulalire, maselo olamulira diaphragm amayamba kusintha malumikizidwe awo, zimene zimapangitsa njira yowoloka kukhala yamphamvu. Pamodzi ndi Kwaku Nantwi, anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti theophylline, mankhwala akale a mphumu, amadzutsa theka lakufa la diaphragm mwa makoswe. Koma mankhwalawa atayesedwa pa kagulu kochepa ka anthu ovulala khosi, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2006 sizinaonetse phindu looneka, ndipo ili linali chenjezo lakuti chimene chatheka pa khoswe sichifika kwa munthu mosavuta.

Kupatula njira ya mankhwalayi, njira yachiwiri inachokera ku zimene David Millhorn, Frederic Eldridge ndi Tony Waldrop anaona pa amphaka mu 1980, zakuti kupuma kukatakasidwa mobwerezabwereza kumakhalabe kwamphamvu kwa nthawi yaitali kutakasako kutatha, ndipo kuti zimenezi zimadalira serotonin, mankhwala amene ubongo umapanga wokha potumiza mauthenga. Gordon Mitchell ndi anzake ku University of Wisconsin anasonyeza pa makoswe kuti kupumitsa nyama mpweya wochepa okosijeni kwa mphindi zochepa, mosinthanitsa ndi mpweya wamba, kumachititsa maselo a mumsana kupanga puloteni yotchedwa BDNF imene imalimbitsa malumikizidwe, ndipo mu 2005 anaonetsa kuti njirayi imathandiza makoswe ovulala khosi. Njira imeneyi yayesedwa kale pa anthu ndipo yaonetsa kusintha kwa kanthawi, ngakhale mlingo wake uyenera kusamalidwa kwambiri, popeza kusowa okosijeni kopitirira kumawononga thupi.

Njira yachitatu inalimbana ndi chipsera chimene chimapangika pa chilonda. Mu 1981 Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal anasonyeza kuti mitsempha ya mumsana wa khoswe ikhoza kuphuka mtunda wautali ikapatsidwa kachidutswa ka mtsempha wa pamwendo koti idutsemo, zimene zinatanthauza kuti vuto lalikulu ndi malo amene mitsemphayo ilimo. Jerry Silver wa ku Case Western Reserve University anafufuza zinthu za m'chipsera zimene zimatsekereza kuphukako, ndipo mu 2011 iye ndi Warren Alilain analumikiza mbali ziwiri za chilonda ndi kachidutswa ka mtsempha, n'kuthirapo chondroitinase ABC, mankhwala ochokera ku mabakiteriya amene amasungunula zotsekerezazo. Theka lakufa la diaphragm linayambanso kugwira ntchito, ndipo atadula kachidutswako ntchitoyo inathanso. Mu 2018 Philippa Warren, wa m'gulu lomwelo, anaonetsa kuti jakisoni mmodzi wa mankhwalawa amabwezeretsa kupuma ngakhale mwa makoswe amene anakhala ovulala kwa chaka ndi theka, nthawi imene ndi gawo lalikulu la moyo wa khoswe.

Zotsatira zonsezi ziyenera kuyezedwa mosamala. Khoswe wa m'labotale amadulidwa bwinobwino mbali imodzi ndi mpeni wa opaleshoni, pamene munthu wochita ngozi ya pamsewu kapena wogwa pamalo okwera nthawi zambiri amaphwanyika mtsempha mbali zonse, n'chifukwa chake ofufuza ambiri tsopano amayesanso zilonda zophwanyika. Palinso mangawa kwa nyama zimene zavutika pa ntchitoyi kuyambira nthawi ya Galen, ndipo mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch anakhazikitsa mu 1959, zoti nyama zilowedwe m'malo pamene n'kotheka, chiwerengero chake chichepe ndipo ululu wake uchepetsedwe, ziyenera kutsatiridwa popanda kunyengerera. Mpaka lero palibe mankhwala ovomerezeka amene amabwezeretsa kupuma kwa munthu wovulala khosi, koma kafukufukuyu watsimikizira kuti mitsempha yotsala ikhoza kugwiranso ntchito ngakhale patapita nthawi yaitali, ndipo chimenechi n'chifukwa chokwanira choti ntchitoyi ipitirire mpaka phindu lake lifike kwa odwala enieniwo.