Kupuma pa Ntchito: Kukonzekera Kwake

Kukonzekera kupuma pa ntchito ndi kusunga chuma ndi kukonza pokhala, pochitira nthawi imene munthu adzaleke kulandira malipiro a pamwezi. Ku Malawi, maziko ake ndi penshoni. Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa thumba la penshoni: wolemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ndalamazi zimasungidwa ndi makampani monga Old Mutual ndi NICO, moyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Lamulo latsopano la mu 2023 limalola wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, zotsalazo azilandira mwezi ndi mwezi.

Wantchito azifunsa sitetimenti yake chaka chilichonse, chifukwa olemba ntchito ena amadula ndalama koma osazitumiza, ndipo zimapweteka kudzazindikira izi imvi zitamera kale. Aonetsetsenso kuti maina a odzalandira ndalamazo iye akamwalira ndi olondola.

Penshoni payokha sikwanira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri olandira penshoni anaona ndalama yawo ikulephera kugula zomwe inkagula kale. N'chifukwa chake nyumba imangidwe munthu akadali pa ntchito, ngongole zithe, ndipo munda, ziweto kapena geni ziyambike kudakali zaka. Bizinesi yoyambidwa ndi ndalama za penshoni, mwini wake asanaiphunzire, yagwetsa anthu ambiri. Wofuna kubwerera kumudzi aganizirenso za mtunda wopita kuchipatala.