Mpope wa TAZAMA ndi Luso la Owotcherera

Aphunzitsi ndi ana inu a ku Wusakile, lero tiphunzira za mpope wachitsulo umene unathandiza dziko lathu pa nthawi ya mavuto.

Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu popanda chilolezo cha Britain, ndipo posakhalitsa mafuta odzera kumwera analeka kufika kuno. Petulo ankagulitsidwa moyeza, ndipo ntchito ya m'migodi, monga wa Nkana, inali pangozi. Mafuta anayamba kubwera pa ndege ndiponso m'migolo pa malole, kudzera mu msewu woipa wochokera ku Dar es Salaam.

Motero Zambia ndi Tanzania anapangana zoyala mpope. Kampani ya ku Italy yotchedwa Snamprogetti inaumaliza mu 1968, wautali makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Kuyambira mu 1973 unkabweretsa mafuta osayenga ku fakitale ya Indeni, ndipo mu 2023 anausandutsa wonyamula dizilo.

Mpope wotere ndiwo mapaipi ambirimbiri olumikizidwa powotcherera. Mafuta amakankhidwa ndi mphamvu yaikulu, kotero chitsulo chake chiyenera kukhala cholimba. Koma chitsulo cholimba chili ndi vuto lake: chikazizira msanga atachiwotcherera, chimachita mng'alu wosaoneka ndi maso, makamaka ngati panali chinyontho. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amasunga ndodo zake zowotcherera pouma, amayamba wafunditsa milomo ya mapaipi, ndipo amazungulira polumikizirapo kangapo, akuchotsa zinyalala asanabwerezenso. Pambuyo pake oyendera ntchito amajambula mfundozo ndi X-ray, nadzaza mpope ndi madzi okankhidwa mwamphamvu kuti aone ngati ukudontha.

Taganizani, ana inu: mfundo imodzi yokha yowotcherera mwaulesi ingathe kutaya mafuta mumtsinje, kuipitsa madzi akumwa ndi kuimitsa mpope wonse. Pa ntchito imeneyi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tengani makope anu. Tiyerekeze kuti paipi iliyonse ndi yaitali mamita 12. Kodi pa makilomita 1,710 pangakhale mfundo zingati? Mukapeza yankho, mukafunse wowotcherera wa kwanuko kuti mfundo imodzi imamutengera nthawi yotani.