Wamalonda ndani? Mawu amene amayendetsa kugulitsa mfuti ku America

Pa chiwonetsero cha mfuti ku Texas, matebulo awiri oyandikana angakhale ndi mfuti za mtundu umodzi, mtengo wofanana, koma malamulo osiyana. Wa tebulo loyamba akupatsa fomu yoti ulembe, n'kukuuza kuti udikire. Wa tebulo lachiwiri angangowerenga ndalama n'kukupatsa katundu wako. Onse awiri sanaphwanye lamulo. Chawasiyanitsa ndi zilembo zitatu: FFL.

FFL ndi laisensi ya boma lalikulu la dzikolo, yoperekedwa ndi ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti. Lamulo la Gun Control Act la 1968, chaka chimene anaphedwa Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy, limati aliyense wochita bizinesi ya mfuti akhale nayo. Wa laisensi sagulitsa mfuti yaing'ono ya m'manja kwa munthu wosakwana zaka 21, kapena yaitali kwa wosakwana 18. Wogula amalemba Form 4473, yomwe imafunsa ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu, ngati amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndiponso ngati mfutiyo akudzigulira yekha. Kenako wogulitsa amatumiza dzinalo ku NICS, kaundula wa FBI amene anayamba mu November 1998 potsatira lamulo la 1993 lotchedwa dzina la James Brady, mneneri wa Pulezidenti Ronald Reagan yemwe anawomberedwa m'mutu mu 1981.

Mayankho a NICS ndi atatu: proceed, gulitsa; denied, usagulitse; delayed, dikira kaye. Yankho lachitatuli ndi limene limandidetsa nkhawa. Pakatha masiku atatu a ntchito FBI isanamalize kufufuza, wogulitsa ali ndi ufulu wopereka mfutiyo. Ndi mmene mnyamata amene anapha anthu 9 m'tchalitchi cha Emanuel AME ku Charleston mu 2015 anapezera yake.

Koma zonsezi zimangokhudza wa laisensi, choncho nkhani yagona pa funso lakuti wamalonda ndani. Lamulo la 1986 linati ndi amene cholinga chake chachikulu n'kupeza phindu ndi zomuthandiza pa moyo, osati wongogulitsa mwa apo ndi apo mfuti zimene anasunga. Nzeru yake ndi yomveka: kugulitsa mbuzi yako imodzi sikukusandutsa wabutchala. Vuto n'lakuti lamulo silinatchule nambala. Mfuti zisanu pa chaka? Makumi awiri? Anthu ena amabisala pamenepa, n'kumati akungochepetsa zimene ali nazo pomwe sabata iliyonse ali pa tebulo. Munthu amene anapha anthu 7 ku Midland ndi Odessa mu 2019 anali atakanidwa ndi NICS mu 2014, ndiye anakagula kwa munthu wopanda laisensi, amene pambuyo pake anamangidwa chifukwa chochita malonda a mfuti popanda chilolezo. Mu 2022, ana asukulu ataphedwa ku Uvalde, aphungu anasintha mawuwo: tsopano n'zokwanira kuti munthu akufuna kwambiri phindu, ngakhale asamadyerepo.

N'chifukwa chake mawu otchuka akuti gun show loophole, mpata wa pa chiwonetsero, amasokeretsa. Wa laisensi amafufuza wogula kulikonse kumene ali, m'sitolo kapena m'holo. Mpatawo uli pa malonda a pakati pa anthu wamba okhala m'chigawo chimodzi, kaya akumana pa chiwonetsero, pa intaneti kapena poimika magalimoto. Chiwonetsero chimangowasonkhanitsa ambiri malo amodzi. Komabe dzinali silinabwere chabe. Mfuti zitatu mwa zinayi zimene zinagwiritsidwa ntchito pa chiwembu cha pa sukulu ya Columbine ku Colorado mu 1999 zinagulidwa pa Tanner Gun Show kwa ogulitsa opanda laisensi, ndi mtsikana wa zaka 18 amene ankagulira anzake. Kugulira munthu wina motere amakutcha straw purchase. Chaka chotsatira anthu a ku Colorado ndi Oregon anavota kuti aliyense wogula pa chiwonetsero azifufuzidwa.

Zigawo zina zinapitirira pamenepo. Ku California malonda a anthu wamba amadzera kwa wa laisensi, ndipo wogula amadikira masiku 10. Ku Illinois munthu amayamba wapeza khadi lotchedwa FOID asanagule mfuti kapena zipolopolo. Apa chilolezo chili pa wogula, ndipo ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo imafika pamene pali vuto.

Lamulo la 1986 lija linaletsanso boma lalikulu kusunga kaundula wa eni mfuti. Apolisi akatola mfuti pamalo a chiwembu, ofesi ya ATF ku Martinsburg, West Virginia, imalondola nambala yake kuchokera kwa wopanga, kupita kwa wogulitsa wa laisensi, mpaka kwa amene anasaina Form 4473. Ngati ameneyo anaigulitsa kwa munthu amene sanamufunse n'dzina lomwe, apolisi alibenso pepala loti alondole.