Chitupa cha H-1B: Mmene Chinayambira

Nkhaniyi inayamba makompyuta asanafike m'maofesi ambiri. Mu 1952 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola akatswiri a m'mayiko ena kukagwirako ntchito kwa kanthawi, popanda malire a chiwerengero. Malire anabwera mu 1990, pamene Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo lobala H-1B ya lero: zitupa 65,000 pachaka, za anthu a digiri, ndipo wolemba ntchito azilonjeza kuti mlendoyo adzalandira malipiro ofanana ndi a anzake a m'deralo.

Poyamba zitupa zinkatsala. Intaneti itakula, mu 1997 zinatha chaka chisanathe. Kenako panagwa mantha a Y2K, akuti makompyuta akale adzasokonezeka pofika 2000 chifukwa ankalemba chaka ndi manambala awiri okha. Pankafunika anthu ochuluka okonza mapulogalamu, ndipo makampani a ku India monga Infosys, Wipro ndi Tata Consultancy Services anali nawo anthuwo. Nyumba ya malamulo inakweza malire kufika 115,000, kenako 195,000. Mu 2004 anabwerera pa 65,000, n'kuwonjezerapo 20,000 za amene anachita masters ku America komweko. Ofuna atachulukitsa, boma linayamba kuchita maere.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Chitupa amapempha ndi kampani, osati mwini luso. Ntchito ikangotha, munthu ali ndi masiku 60 okha opezera bwana wina, apo ayi alongedze katundu, achotse ana kusukulu. Akafuna green card yoti akhazikike, lamulo silipereka ku dziko limodzi kupyola 7 pa 100 alionse, choncho, poti ofuna a ku India ndi ochuluka, Mmwenye angadikire zaka makumi. Munthu womangika chonchi angayerekeze bwanji kukangana ndi bwana za malipiro? Iye akakhala chete, malipiro a mnzake wa ku America nawonso amaima.

Mu 2015 kampani ya Disney inachotsa antchito a zamakompyuta pafupifupi 250 ku Orlando, ena mwa iwo atayamba aphunzitsa alendo odzawalowa m'malo. Anthu ambiri analusira alendowo, pomwe iwo sanalembe lamuloli.

Mu September 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti kampani yofuna kuitanitsa katswiri watsopano kuchokera kunja izilipira madola 100,000. Masiku 60 aja sanawakhudze, mzere wa green card nawonso anausiya momwemo.