Mabuku a Zithunzi Okamba za Unyamata ndi Utsikana

Mabuku a zithunzi amalembedwela ana aang'ono amene sanayambe kuwelenga okha. Cithunzi cimatenga malo aakulu pa tsamba, mau amakhala ocepa, ndipo kawilikawili wamkulu ndiye amawelengela mwana mokweza. Pakati pa mabuku otele pali ena okamba za mwana amene masewela ake, zovala zake kapena mmene amadzionela sizigwilizana ndi zimene anthu amayembekezela kwa mnyamata kapena mtsikana. Ambili acokela ku America, komwenso mkangano wake wafika mpaka ku khoti.

Limodzi mwa mabuku oyambilila ndi William's Doll, limene Charlotte Zolotow anatulutsa mu 1972. Mnyamata wochedwa William afuna cidole. Mkulu wake amuseka. Atate ake amugulila mpila wa basketball ndi sitima yoseweletsa, ndipo iye asewela nazo bwino lomwe, koma mtima ukali pa cidole. Potsiliza agogo ake aakazi ndiwo amugulila, nauza atatewo kuti mwanayo adzakhala tate tsiku lina, motelo ayenela kuphunzila kulela. Cofunika kuona apa ndi cakuti William sakayikila kuti ndi mnyamata. Ndi cimodzimodzi m'buku la Tomie dePaola la mu 1979, Oliver Button Is a Sissy, momwe mnyamata anyozedwa ndi anzake cifukwa cokonda kuvina kuposa mpila.

Nkhani inasintha patapita zaka pafupifupi 30. Mu 2008 Marcus Ewert anatulutsa 10,000 Dresses, lokamba za Bailey, amene amadziona kuti ndi mtsikana ngakhale a m'banja lake amati ndi mnyamata. Mu 2014 kunatuluka I Am Jazz, lolembedwa ndi Jessica Herthel pamodzi ndi Jazz Jennings, ndipo ili si nthano ayi, koma mbili ya moyo wa Jazz mwini wake. Apa funso silinalinso la zoseweletsa, koma lakuti mwanayo ndi ndani.

Buku la Jazz ndilo linautsa mapili pacigwa. Mu 2015 sukulu ya pulaimale m'tauni ya Mount Horeb, ku Wisconsin, inakonza zoliwelengela ana, koma inaleka bungwe la Liberty Counsel litaopseza kuti liisumila ku khoti. Anthu pafupifupi 600 anasonkhana ku laibulale ya m'tauniyo kukamvela bukulo likuwelengedwa. Pambuyo pake bungwe la American Library Association linaliika pa mndandanda wa mabuku 10 amene anthu anadandaula nao kwambili m'caka cimeneco.

Ocilikiza mabukuwa amati mwana amene amasekedwa tsiku ndi tsiku afunika kudziona m'buku, ndipo anzake afunika kuphunzila kusamunyoza. Otsutsa amati mwana wa zaka 5 amakhulupilila ciliconse cimene mphunzitsi wawelenga, conco nkhani yotele ndi ya makolo ndi cipembedzo cao. Mbali zonse ziwili zivomelezana pa cinthu cimodzi, cakuti buku locepa masamba limaloweladi mumtima mwa mwana.

Mlandu waukulu unacokela m'dela la Montgomery County, ku Maryland. Mu 2022 akuluakulu a masukulu kumeneko anaonjezela mabuku otele pa maphunzilo a Cingelezi, kuphatikizapo Born Ready la Jodie Patterson. Poyamba makolo anali kudziwitsidwa ndipo anali ndi mwai wopempha kuti mwana wao atuluke m'kalasi pa nthawiyo, koma mu 2023 mwaiwo unacotsedwa. Makolo acisilamu, acikatolika ndi a chalichi ca Orthodox anasuma.

Pa 27 June 2025 Khoti Lalikulu la America linagamula mlanduwo, wochedwa Mahmoud v. Taylor. Oweluza 6 anaima ndi makolo, 3 anatsutsa. Woweluza Samuel Alito, polemba cigamuloco, anati kukaniza makolo mwaiwo ndi kupondeleza ufulu wao wolela ana m'cipembedzo cao. Woweluza Sonia Sotomayor anacenjeza kuti masukulu ena angasankhe kucotselatu mabukuwo pothawa cipwilikiti. Khotilo silinaletse buku lililonse. Linangolamula kuti makolowo azidziwitsidwa pasadakhale, ndiponso aziloledwa kucotsa ana ao m'kalasi pamene bukulo likuwelengedwa.