Malabotale a Anthu Wamba

Labotale ya anthu wamba ndi malo ofufuziramo za zamoyo amene aliyense angathe kulowamo, kaya ndi wojambula, mphunzitsi wopuma pantchito kapena mwana wa sekondale. Pakhomo safunsa digiri. Mamembala amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumabwerekana makina amene munthu payekha sangawafikire.

Zinayamba kumveka mu 2008 pamene Jason Bobe ndi Mackenzie Cowell anakhazikitsa gulu la DIYbio ku Boston, m'dziko la America. Nthawi imeneyo okonda sayansiyi ankangochitira m'makhitchini ndi m'magalaja. Mu 2010 Ellen Jorgensen ndi anzake anatsegula Genspace ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ndipo chaka chotsatira kunabadwa BioCurious ku California, ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 35,000 zomwe anthu anasonkha pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter. Ku Paris nako kunatsegulidwa La Paillasse.

Zipangizo zambiri m'malo amenewa ndi zakaunjika, zogulidwa pa msika wa pa intaneti wa eBay kapena zotoledwa ku makampani omwe atseka. Mlendo amayamba ndi phunziro losavuta: amafinya sitiroberi m'kajumbo, n'kuthiramo madzi, mchere ndi sopo wotsukira mbale, kenako amasefa. Akathira sipiriti wozizira pang'onopang'ono m'mbali mwa kabotolo, pamwamba pamayandama tiulusi toyera, tonanda. Imeneyo ndiye DNA, ndipo amaikola ndi kamtengo. Ozolowera amafika poika jini yatsopano m'mabakiteriya kuti aziwala mobiriwira.

Mantha sanalephere, ndipo anali ndi pochokera. Mu 2004 Steve Kurtz, katswiri wa zaluso wa ku Buffalo, ku America, anaitana thandizo mkazi wake atamwalira mwadzidzidzi kunyumba. Apolisi ataona timbale ta mabakiteriya anaitana bungwe la boma lofufuza milandu la FBI, ndipo bamboyu anamuganizira zauchigawenga ngakhale tizilomboto tinali tosaopsa. Mlandu wake unadzathetsedwa mu 2008. Malabotale atsopanowa anasankha kuchita zonse poyera: amagwira ntchito pa mlingo woyamba wa chitetezo, wosalola tizilombo toyambitsa matenda, ndipo a FBI anafika pomakhala nawo pamisonkhano. Germany ndi yokhwimitsa zinthu: kusintha majini kunja kwa labotale yovomerezeka kungadzetse chindapusa chofika mpaka mayuro 50,000.

Malonjezo ena anaposa mphamvu. Mu 2013 ntchito ya Glowing Plant inasonkhetsa madola oposa 480,000 polonjeza mbewu yowala usiku, koma inagwa mu 2017 osonkhawo asanalandire mbewuyo. Ntchito yovuta kwambiri ndi ya Open Insulin, yomwe Anthony Di Franco, mwiniwake wodwala shuga, anayambitsa mu 2015 ku Counter Culture Labs mumzinda wa Oakland, pofuna njira yosabisa yopangira insulini yotsika mtengo. Kupangitsa yisiti kapena mabakiteriya kutulutsa mankhwalawa ndi mbali imodzi chabe. Kuwayeretsa mpaka boma livomereze kuti abayidwe m'thupi la munthu kumafuna ndalama zomwe timagulu totere tilibe.

Ku Africa cholinga chimasiyanako. Mboalab ya ku Cameroon, yoyambitsidwa ndi Thomas Mboa, ndi Hive Biolab ya ku Kumasi, Ghana, zakhala zikuyesa kupanga komweko ma enzyme ofunika poyeza DNA, omwe kawirikawiri amaitanitsidwa kunja pamtengo wokwera ndipo amaonongeka akatenthedwa panjira.