Kodi ulimi unayamba ndi munthu kapena nyerere?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wabwera kusukulu ndi nkhani yakuti nyerere zinayamba kulima munthu asanagwire khasu. Kodi n'zoona? — Kholo, Dedza

YANKHO: Mwanayo wanena zoona, kholo lathu. Anthu anayamba kudzala mbewu zaka pafupifupi 12,000 zapitazo, pomwe nyerere zinayamba ulimi zaka 66 miliyoni zapitazo. Izi zinatuluka m'chaka cha 2024 m'magazini ya Science, pa kafukufuku yemwe anatsogolera ndi Ted Schultz wa ku Smithsonian, mumzinda wa Washington. Gulu lake linayeza DNA ya mitundu 276 ya nyerere ndi mitundu 475 ya bowa pofuna kudziwa nthawi imene ziwirizi zinayamba kudalirana.

Chiyambi chake chinali tsoka. Chimwala chachikulu chochokera mumlengalenga chinagwa kudera la Yucatán ku Mexico, n'kupulula zinyama zikuluzikulu zija zotchedwa dinosaur. Fumbi linaphimba dzuwa, zomera zambiri zinafa n'kuyamba kuwola. Paja bowa amakonda zowola, choncho anachuluka kwabasi. Nyerere zina zinapeza chakudya pamenepo, ndipo m'kupita kwa nthawi zinayamba kumusamalira bowayo kuzisa zawo.

Lero kuli mitundu pafupifupi 250 ya nyerere zolima, yonse kumayiko a America ndi zilumba za Caribbean. Zodziwika kwambiri ndi zodula masamba. Mukaziona zili ndawala, iliyonse itasenza kachidutswa ka tsamba, musaganize kuti masambawo ndiwo chakudya chosunga. Zikafika kuuna zimawatafuna n'kuwayala m'munda wa pansi pa nthaka, n'kuthirapo ndowe zawo ngati manyowa. Bowa womera pamenepo ndi amene amadyetsa mphutsi zawo. Zimapaliranso mundawo, ndipo zambiri zili ndi tizilombo pathupi topanga mankhwala opha nkhungu yowononga bowayo. Manthu watsopano akamauluka kukayambitsa mudzi wake, amanyamula kambewu ka bowa m'kamwa.

Kafukufukuyu anapezanso kuti zaka 27 miliyoni zapitazo, nyerere zina zitapita ndi bowa kumadera ouma, bowayo anasiyana ndi anzake a kutchire mpaka kufika podalira nyererezo kotheratu.

FUNSO: Nanga bowa womera pachulu kwathu kuno, amalima ndi nyerere?

YANKHO: Ayi, ameneyo mlimi wake ndi chiswe. Ngakhale chimakhala m'magulu ngati nyerere, chiswe ndi mbale wake wa mphemvu, ndipo ulimi wake unayambira muno mu Africa pawokha. Chimalima bowa mkati mwa chulu, ndipo mvula ikagwa bowayo amaphukira kunja, ife n'kukazula ndiwo.

Choncho muuzeni mwanayo apitirize kufunsa ndi kuwerenga. Inunso owerenga, titumizireni mafunso anu.